Kadzidzi wa m'Foda ya Adokotala

Panali munthu wina wolemba mapulogalamu a kompyuta, amene anzake mu ofesi ankamutchula Nkhutukumve. Ntchito zake zonse ankazindandalika m'fayilo imodzi ya mawu okhaokha, m'pulogalamu yomweyo imene ankalemberamo khodi, malamulo amene kompyuta imatsatira. Ntchito iliyonse inali ndi mzere wake, ndipo ikatha ankaika x kumayambiriro kwa mzerewo.

Mlamu wake, amene ankagwira naye ntchito mu ofesimo ndiponso anamupezera ntchitoyo, anamuchenjeza kuti, "Alamu, kalembedweka n'kabwino, koma fayiloyi ichotseni m'foda ya kasitomala, mmene mukusungamo pulogalamu yake. Tsiku lina idzapita limodzi ndi katundu."

"Kompyutayi ndimaidziwa ndine, alamu. Inu samalani timapepala tanu tomata pakhomato, tingauluke."

Kasitomalayo anali dokotala wa mano amene ankafuna pulogalamu yolembetsera odwala. Chifukwa cha magalasi ake akuluakulu, Nkhutukumve anamupatsa dzina loti Kadzidzi, ndipo ankalilemba paliponse, ngakhale m'khodi momwe. M'fayilo ya ntchito munali mizere yotere: "Kusinthanso mtundu wa tsamba. Kadzidzi sadziwa chimene akufuna." "Kadzidzi akaimba foni, kunena kuti ndili pamsonkhano."

Tsiku lotumiza ntchito litafika, anakumbukira kuti dzinalo lili m'khodi. Analamula kompyuta kuti paliponse pamene pali "Kadzidzi" m'foda yonse iikepo "Adokotala". Kompyuta inamvera osasiyako ngakhale mzere umodzi, ndipo iye anatumiza foda yonseyo.

Dokotala uja anatsegula fayilo ya ntchito n'kuwerenga kuti, "Adokotala sadziwa chimene akufuna." Likanakhala dzina la mbalame, mwina sakanadziwa kuti akunena iye.

Dokotalayo atadandaula, bwana wa ofesi anaitana Nkhutukumve. "Mukawauze adokotala kuti ndi vairasi ya pakompyuta imene inalemba zimenezo. Mukapanda kutero, desikiyo muisiya lero."

"Bwana, vairasi siingadziwe kuti adokotala amasintha mtundu wa tsamba tsiku ndi tsiku. Ndinalemba ndine, ndipo sindinaname. Cholakwa changa n'chakuti ndinaika fayilo pamalo olakwika. Chimenecho ndipepesa, koma bodza sindinena."

Mlamu wake anamunong'oneza kuti, "Alamu, ana akudya chiyani mawa? Ndikamuuza chiyani mchemwali wanga?"

"Mukamuuze kuti mwamuna wake sanamizira kompyuta."

Desikiyo anaisiyadi. Atafika kunyumba anakhala patebulo lodyera, natsegula fayilo yatsopano, kutali ndi foda ya kasitomala aliyense. Mzere woyamba analemba kuti, "Kufunafuna ntchito." Wachiwiri analemba kuti, "Kumvera alamu," ndipo pamzere umenewu anaikapo x.

Phunziro: Kulemba ntchito zako m'mawu okhaokha si kulakwa, ndipo kukana kunama si uchitsiru. Koma zolemba za mumtima mwako usazisunge m'foda ya mwini wake, ndipo usalamule kompyuta kusintha mawu paliponse usanawerenge, pakuti imachita zimene wanena, osati zimene umatanthauza. Tumizani nkhaniyi kwa mnzanu amene anapatsa kasitomala wake dzina la mbalame.