Dzanja Limodzi la Ridwan

Panali bambo wina ku Bowie, kuno ku America, dzina lake Ridwan, amene tsiku lina akupatsa madzi mwana wake wamkazi, Atikonda, mwanayo anamufunsa kuti, "Adadi, kapuyi ndi yolemera? Nanga bwanji mumati ndizilandira ndi manja awiri?" Atikonda anafunsa m'Chingerezi, monga achitira ana obadwira kuno. Ridwan anangoti, "Imwa kaye," poti yankho lake linali lalitali. Anthu amene amapemphera naye mzikiti umodzi akuti nkhani yake inayenda motere.

Ridwan anabwera ku America ali wamng'ono ndi mayi ake, a Rukaya, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Pakhomo pawo panali lamulo losasintha: chilichonse chimene wapatsidwa, kaya makiyi kaya nthochi, landira ndi manja awiri. Akatambasula dzanja limodzi, mayiwo ankabweza chinthucho n'kufunsa, "Linalo lapita kumaliro?"

Atakula analowa mpira wa kuno, uja amaponya ndi manja. Ntchito yake inali kuthamangira kutsogolo, kuzemba omulonda, n'kuwakha mpira umene mnzake waponya ali kutali. Koleji ina yaing'ono inamutenga kuti aziphunzira uku akusewera. Pa liwiro ena ankamuposa, koma mpira ukangomukhudza sunkagwa. Kochi atamufunsa amene anamuphunzitsa kuwakha, iye anati, "Amayi," anzake n'kufa nacho chiseko.

M'chaka chake chomaliza, masewera atatha, munthu wina wojambula mavidiyo anamupeza poimika magalimoto. Anati dzina lake ndi Sammy. Ridwan sankamudziwa, koma mkuluyo anayankhula Chichewa, ndipo mtima wa mnyamatayo unafewa pomwepo.

"Mphwanga, umawakha ngati mkamwini akulandira mbale kwa apongozi," anatero Sammy. "Matimu akuluakulu sabwera kukakoleji ngati kanuka. Amayang'ana pafoni. Iwe wakha ndi dzanja limodzi, ine ndijambule, uone."

Anayesa, vidiyo inafalikira. Yachiwiri inafika mpaka kwa amalume ake ku Mangochi. Kochi anamuitana n'kumuuza kuti, "Dzanja limodzi ndi la tsiku limene linalo silingafikepo. Ukalizoloweza, lidzayamba kutsogola lokha." Mayi ake anaonera vidiyoyo mpaka kumapeto, n'kumubwezera foni.

"Lamanzereli lathyoka?"

"Amayi, awa ndi masewera. Si pakhomo pano."

"Chabwino, bambo," anatero a Rukaya.

Pa tsiku limene matimu akuluakulu amasankha osewera ochokera m'makoleji, dzina la Ridwan silinatchulidwe. Koma timu ina inamuitana kuti akayesedwe pamodzi ndi anyamata ambiri olimbirana malo ochepa. Anachita bwino mpaka masewera omaliza oyeserera, amene akatha amalengeza otsala ndi opita kwawo. Kumapeto kwa masewerawo anazemba womulonda n'kutsala yekhayekha. Woponya anamupatsa mpira wabwino, wolunjika pankhope, woti ngakhale mwana sangauphonye. Dzanja lamanja linatsogola lokha. Mpira unagunda zala, n'kudumphira m'manja mwa wosewera wa timu inayo.

M'mawa mwake anamuuza kuti abweze katundu wa timu, azipita kwawo. Sammy anaikanso pa intaneti vidiyo ya mpira anauphonya uja, atawonjezeramo phokoso la anthu oseka, ndipo inaonedwa kuposa zonse zija. Ridwan atamuimbira, foni inangolira.

Anabwerera ku Bowie n'kuyamba ntchito yonyamula makatoni m'tauni yapafupi ya Upper Marlboro. Anthu ankamuuza mwachifundo kuti za mpira aziiwale, wayesetsa. Iye sanatsutsane nawo. Anapita kwa mayi ake, anakhala pansi n'kunena kuti, "Amayi, ndinalakwa. Ndiyambiranso."

A Rukaya sanalalikire. Anatola lalanje patebulo n'kumugenda nalo. Ridwan analiwakha ndi manja awiri.

"Ndiye manja alipo onse," anatero mayiwo. "Ukudikiranso chiyani?"

Kuyambira pamenepo, akaweruka kuntchito ankapita kubwalo la sukulu yapafupi ndi mnzake womuponyera. Kaya kuzizire bwanji, ankapitabe. Dzanja limodzi likatsogola, ngakhale mpira augwire, ankayambiranso pachiyambi. Kenako analowa timu yaing'ono, ya maulendo a pabasi ndi mabwalo opanda anthu, n'kusewera m'menemo osadandaula.

Patapita nthawi, timu ina yaikulu inamuitana kukayesedwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwayi wachitatu kulibe. Pa masewera omaliza mpira unabwera wam'mwamba, pakati pa bwalo, chimunthu china chikuthamangira kudzamugunda. Kukweza manja onse kunali kusiya nthiti pamtetete, ndipo Ridwan ankadziwa zimenezo. Anakweza onse awiri. Anagundidwa mpaka mpweya kumuthawa, nagwa chagada. Atatsegula maso, mpira unali pachifuwa pake, zala zonse zitaumata.

Palibe vidiyo imene inafalikira. Koma timuyo inamusunga, ndipo anasewera zaka zingapo. Sanatchuke kwenikweni, komabe zinthu zikathina, woponya ankayang'ana kumene kuli Ridwan.

Atikonda atamaliza kumwa anapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Simunandiyankhe, adadi."

Ridwan anagwada kuti alingane naye, n'kumuyankha m'Chichewa, pang'onopang'ono kuti amve bwino. "Kapuyi si yolemera, mayi wanga. Koma ukalandira ndi dzanja limodzi, maganizo ako ali kwa anthu amene akukuonerera. Ukalandira ndi awiri, ali kwa amene akukupatsayo."

Phunziro: Mlendo amene akukuuza kuti usiye zimene zakufikitsa pamene uli, kuti anthu akuone, sadzakhalapo tsiku limene udzagwetse. Ukagwetsa usabisale, bwerera kwa amene anakuphunzitsa ndipo uyambirenso. Tumizirani makolo ndi achinyamata amene muli nawo m'foni, makamaka amene akulera ana kunja kuno.