Tsamba la Chisoso pa Mtsuko

Chiyambireni makina kugawa madzi, kapu imodzi pa munthu, Nasibeko ankangomwa theka, otsalawo n'kukandira dongo. Tchire linapserera kalekale, choncho ndiwo zimene ankathyola ali mtsikana ankazijambula pa mitsuko yake kuti zisafere limodzi ndi iye.

Tsiku limenelo dongo linayamba kuuma tsamba limene ankajambula lisanathe. Ngakhale malovu anamukana.

"Tengani madzi angawa," anatero amuna ake, a Kachingwe, milomo itachita kung'ambika ndi ludzu.

Nasibeko anathira onse n'kumalizitsa tsambalo ndi kamtengo.

"Taonani chisoso, bambo."

Iwo anauyang'anitsitsa mtsukowo.

"Mayi, chisoso sichinali chonchi ayi."

"Nanga chinali chotani?"

A Kachingwe anatukula chala kuti ajambule pafumbi. Chalacho chinangoima m'malere.