Pepala Linati "Malungo"

Inu amene mumati ndimadzitama, imvani kaye, mudzatsutse ndikamaliza. Ndinatha zaka 22 ndikutsuka timagalasi toyezera magazi pachipatala china kuno ku Tabora. Fomu 4 ndinakhoza bwino, ndipo pa maikulosikopu palibe amene amandiposa diso.

Panali munthu wina dzina lake Masanja, anabwera ndi dipuloma kudzakhala woyeza magazi. Tsiku loyamba ndinamulangiza.

"Mwananga, pepala la adokotala uziliwerenga utayang'ana kale magazi. Ubongo ukauuza chimene ukufuna, umangoona chomwecho. Zina zonse umazitsekera chitseko."

"Mama, ubongo munauphunzirira kuti? Pa sinki?" Anzake anaseka.

Kenako kunabwera bambo Kapaya, wofula njuchi m'nkhalango, thupi likutentha, mutu ukuwawa. Adokotala analemba papepala kuti "Malungo?" Masanja anawerenga, nayamba kusaka tizilombo ta malungo, timene timabisala mkati mwa timaselo ta magazi. Analemba kuti palibe. Bamboyo anabwera katatu m'milungu isanu, katatu konse palibe.

Ulendo wachinayi anabwera atanyamulidwa, akungowodzera. Masanja atapita kukamwa tiyi, ndinaika kagalasi ka magazi a bamboyo pa maikulosikopu. Sipanathe mphindi. Kunja kwa timaselo kunali kachilombo kopindika ngati nyongolotsi, ka matenda a kaodzera, obwera ndi ntchentche za kashembe. Timagalasi ta maulendo atatu oyamba aja ndinali nditatisunga. Kanalimo monsemo.

Masanja atabwerako ndinamuitana. "Bwera uone, bwana wa dipuloma."

Anayang'ana nthawi yaitali. "Mama, pamenepa ndinadutsapo. Ndikulumbira, kanalibepo."

"Kanalipo. Maso ako anakaona, koma mutu wako unatumidwa malungo."

Sanali waulesi Masanja, ndipo sankanama. Koma mankhwala anafika matenda atalowa kale mu ubongo. Bambo Kapaya anamwalira Lachinayi, kusiya mkazi ndi ana asanu. Masanja ali pantchito mpaka lero, chifukwa akuluakulu anati anayankha bwinobwino funso limene anafunsidwa.

Phunziro: Diso limapita kumene mutu walituma. Musanafufuze chimene mwauzidwa, yambani mwaona chimene chilipo, ndipo musanyoze malangizo poona yunifolomu ya wokulangizani. Nkhaniyi tumizirani aliyense amene ntchito yake ndi yoyang'ana. Mukafuna kudziwa chimene ine ndinapindula, ndi ichi: kalata ya chenjezo chifukwa chogwira makina osakhala anga, ndi kusamutsidwira kochapa zofunda za odwala.