Mwala wa Simenti m'Thanki

Kachipangizo koyezera madzi kanaonetsa 8.6, Wansomba n'kutukwana chamumtima. Kwa masiku asanu nambala yosonyeza ukali wa madzi, imene odziwa amaitcha pH, inkakana kutsikira pa 8.2 pamene makorali ake amasangalala. Tinyama tooneka ngati maluwato anatilera zaka zinayi m'thanki lagalasi la madzi amchere pabalaza, ndipo tsopano tinali titafumbata ngati manja a khanda. Dzina lakuti Wansomba anam'patsa ndi anzake a kuntchito, poti munthuyu ukam'patsa moni amakuyankha za thanki lake la nsomba ndi makorali.

Mwala watsopano umene anaika m'thankimo sankaukayikira n'komwe. Anauumba yekha ndi simenti, mchenga ndi zigoba zophwanya, n'kuuviika mumgolo milungu itatu kuti ukali wa simenti uthe. Tsiku lomaliza anataya madzi akale, kuthira atsopano, kuyeza pomwepo: 8.0. Mwala unali utapsa. Akanafunanso umboni wanji?

Amene ankawakayikira anali bambo ake.

Madala anabwera kudzakhala nawo atadwala sitiroko. Zaka makumi anayi anali mmisiri womanga nyumba, ndipo simenti inawang'amba manja mpaka kuoneka ngati zidendene. Tsopano dzanja lamanja linali lakufa, mawu ankathera pakhosi. Tsiku limene Wansomba ankamiza mwala m'thanki, madala anaugwira, n'kutikita zala zawo, n'kuyamba kupukusa mutu uku akubuula. Iye anangowakhazika pampando n'kuwayatsira wailesi.

“Apongozi mutu ukupita,” mkazi wake anatero akutsuka makapu. “Viniga ndagula Lolemba, lero botolo lili pakati. Akumwa, ndikukuuzani inu. Malaya awo akununkha chomwecho.”

Lachinayi m'mawa Wansomba anawapezerera madala. Anali atatsegula chivundikiro cha thanki, akugwedeza supuni m'madzi. Atamva mapazi anaibisa m'thumba ngati mwana wakuba shuga. Wansomba anakumbukira bokosi la zida limene madala anakana kulisiya pobwera, ndi kachitini ka laimu, ufa woyera waukali wopakira makoma, kamene kanali m'menemo. Mtima unamuwira.

“Mukuthiramo laimu wanu uja, eti?”

Madala analoza mwala, milomo ikunjenjemera, koma mawu osatuluka.

“Mwala wanga wakulakwirani chiyani? Nkhani ndi yakuti ndaumba osakufunsani. Nthawi yanu inatha, bambo, muzingokhala pansi.”

Anaimbira foni achemwali ake tsiku lomwelo. Anawauza kuti watopa, kuti nawonso anabadwa mwa bambo yemweyu, abwere adzawatenge. Achemwali anam'funsa ngati akuthamangitsadi kholo chifukwa cha nsomba. Iye anati si nsomba, ndi makorali, n'kudula foni.

M'mawa wonse wa Lachisanu madala anakhala pakona akukanda kachidutswa ka katoni ndi pensulo yawo yaumisiri, ndi dzanja lamanzere, lilime lili kunja ngati mwana woyamba sukulu. Galimoto ya achemwali itafika, madala anatambasulira Wansomba katoniyo.

“Zojambula zanuzo mukaonetse achemwali,” anatero Wansomba, osayang'ana n'komwe, akunyamula chikwama.

Pochokera kokaika katundu m'galimoto anapeza madala atagwada kutsogolo kwa kabati imene thanki limakhalapo, akulephera kudzuka. Anawadzutsa mwaukali. Madala sanakane kukwera galimoto. Anangomuyang'ana pawindo mpaka geti linatsekedwa, ndipo kuyang'anako kunam'khala pamtima tsiku lonse. Manyazi anali nawo, sitinganame. Koma analinso ndi mpumulo, ndipo anauza mkazi wake kuti mawa nambala itsika.

Loweruka inakwera kufika 8.9. Iye anati ndi laimu wotsalira, n'kusinthako madzi ndowa ziwiri.

Lamulungu m'mawa thanki linali loyera ngati athiramo mkaka. Kachipangizo kanati 9.3. Makorali anali atasupuka, nyama yawo ikulendewera ngati nsanza, pansi pake patatsala mafupa oyera okhaokha. Kansomba kachikasu kamene kankabwera kudzadyera m'manja mwake kanali chagada pamchenga. Wansomba anakhala pansi. Zaka zinayi zinali zitathera pamenepo, ndipo woti am'kalipire munalibenso m'nyumbamo.

“Mwina anathira chitini chonse potsanzika,” mkazi wake anatero motsitsa mawu.

Iye anavomera ndi mutu. Anatsegula kabati kuti atenge kaukonde kovuulira zakufazo. Kutsogolo kwenikweni, pamalo oti munthu sangaphonye, panali botolo la viniga, supuni itagonekedwa pambali pake, ndi kachidutswa ka katoni kaja. Zilembo zake zinali zokhotakhota, koma zinkawerengeka.

“Mwala sunapse, ukulavulabe simenti. Viniga amapha ukali wake, ndi amene ndinkasamba m'manja pochoka kuntchito. Supuni ziwiri m'mawa uliwonse. Usadumphitse tsiku, mwanangu.”