Utsi wa Njiri ndi Nguluwe

Padangokhala Njiri ndi mlamu wake Nguluwe, amene ankalima moyandikana m'tsinde mwa phiri la misuku. Chaka china anapikisana kuti aone wotsegula munda waukulu ndani. Njiri anagwetsa mitengo n'kuitentha, Nguluwe nayenso osafuna kutsalira.

"Alamu, utsi wonsewu sudzatipweteka?" anafunsa Njiri tsiku lina, akutikita m'maso.

"Utsi kwawo n'kumwamba," anatero Nguluwe. "Yatsani basi."

Patapita zaka zitatu phiri linasanduka dazi. Mvula inayamba kuchedwa, dzuwa linakula ukali, ndipo thawale limene Njiri ankasambamo matope ndi ana ake linauma gwa. Iye anaitana Namzeze, mbalame youluka kutali m'mwamba, kuti aweruze.

"Tiuzeni, mayi, utsi watidzetsera zimenezi ndi wa yani? Wangatu unali wochepa."

"Wanga unkalowera kum'mawa!" Nguluwe anamudula pakamwa.

Namzeze anayankha mofatsa. "Kumwambako ndimafikako. Utsi sunapite kulikonse. Wayala ngati bulangete, ndiye kutentha kukusowa potulukira. Ndinayesa kusiyanitsa wanu ndi wa alamu anuwa, koma ndi umodzi. Imene inkaumeza ndi mitengo munatentha ija."

Nguluwe anachoka akung'ung'udza. Njiri anayang'ana ana ake ali wefuwefu pakamthunzi ka chitsa. Kenako anatola njere za masuku, nagwada pansi, nayamba kukumba.

Mpaka lero, mukamupeza Njiri atagwada m'tchire, musamusokoneze. Sanamalize kubzala.