Mankhwala Amodzi, Amayi Awiri

"Tizilombo tonse tafa!" anakuwa mayi wasayansi, akuvina m'labu kambale kali m'manja. Madzi omwe anasefa kuchokera ku chuku chomwe ankaweta m'botolo anali atapha tizilombo ta matenda.

Chimwemwe chinamuledzeretsa. Anaimbira amayi ake foni: "Mankhwala atsopanowa ndiwatcha dzina lanu!" Apongozi ake atamuyamikira, pakamwa panamuyabwa, nawalonjeza zomwezo. Onse awiri anasoketsa madiresi a mwambo wotcha dzinalo, ndipo wasayansiyo tulo tinamuthawa.

Kenako mnzake woyeza mankhwala pamakina anabwera nkhope ili pansi.

"Pepani achemwali, si atsopano ayi. Ndi penisilini yemweyu wa kuchipatala. Dzina ali nalo kale."

Mayiyo analumpha n'kumukumbatira.

"Achimwene, mwapulumutsa banja langa!"