Mtunda Woyeza ndi Malovu

Padangokhala Bilimankhwe, bambo wa kamwana kamodzi kodwaladwala. Iye ankakhala kutsidya kwa mtsinje, pamene chipatala, msika ndi maganyu zinali tsidya lino. Chaka china nyama zinagwirizana zomanga mlatho pamudzi umene unali kutali kwambiri ndi zinthuzi, ndipo zinasankha Namzeze kuti ayeze mitunda. Pamudzi uliwonse Njati ankalavula pamwala, Namzeze n'kuuluka kukafika kuchipatala. Akabwerako malovu asanaume, ndiye kuti mudziwo uli pafupi.

Kwa Bilimankhwe, Namzeze anangoti pyoo, n'kubwerako pamwala pakadali ponyowa.

"Pafupi!" zinafuula nyama.

"Pepani akuluakulu," anatero Bilimankhwe, "ine ndimazungulira kumtunda kukafuna powolokera, masiku atatu, mwana ali kumsana. Lavulaninso, ndipiteko ineyo."

"Achimwene, vuto ndi miyendo yanuyo," anaseka Namzeze. "Mumaponda ngati mukupepesa nthaka!"

Nyama zinafa nalo phwete, ndipo mlatho unakamangidwa kwina.

Dzinja litafika, kamwana kaja kanatentha thupi. Bilimankhwe anakabereka n'kuyamba ulendo, akukauza kuti, "Limba mwanawe, tatsala pang'ono." Tsiku lachiwiri kanasiya kuyankha. Tsiku lachitatu namwino Kakowa anakamasula kumsana, n'kupeza kuti kazizira kale.

"Munachedweranji, bambo?" anafunsa Kakowa. "Pajatu kwanu anayeza kuti n'kufupi."

Bilimankhwe anangotenga nsalu yoberekera ija n'kubwerera. Mpaka lero amayenda akuwerenga mapazi ake limodzilimodzi, koma palibe amene anamufunsapo kuti akwana angati. Nthano yanga yagona pamenepo.